Digiri ya za umbanda: imaphunzitsa chiyani, nanga ingapindulire bwanji dera ngati la Chikweo?

Zotsatira za mayeso a MSCE zikatuluka, m'makomo ambiri kwa Chikweo, m'boma la Machinga, mumatchulidwa ntchito zodziwika kale: uphunzitsi, unamwino, ulangizi wa zaulimi, upolisi, ndipo amene wakhoza mwapamwamba amamulozera ku udokotala kapena uloya. Koma mwana amene watenga foni n'kuyamba kufufuza za sukulu zaukachenjede amakumananso ndi maphunziro otchedwa criminology, omwe amaunika za umbanda ndi chilango. Akawatchula pakhomo, amalume amafunsa mwachidule: "Ndiye kuti udzakhala wapolisi?" Amayi nawo amafunsa lawo: "Nanga ntchito yake udzaipeza kuti, mwanangu?" Mafunso awiriwa ndi oyenera, chifukwa fizi ya ku yunivesite imachokera m'matumba a mpunga ndi nandolo amene banja lagulitsa. Ayenera kuyankhidwa mokwanira.

Mlandu umodzi, mafunso atatu

Tiyerekeze kuti mbuzi ziwiri zasowa m'khola usiku, m'mudzi wina kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Wapolisi afunsa kuti waba ndani ndipo mbuzizo zili kuti. Nkhani ikafika kukhoti, wozenga mlandu, loya ndi majisitireti afunsa kuti ndi gawo liti la malamulo laphwanyidwa, ndipo umboni ndi wokwanira kapena ayi. Wophunzira za umbanda amayambira pamene awa alekezera. Iye amafuna kudziwa kuti mbuzi zimasowa kwambiri miyezi iti, zimatuluka m'mudzi kudzera njira iti, amagula ndani, ndipo nyama yake imathera pamsika uti. Amafunsanso kuti mwa anthu khumi obedwa ziweto, ndi angati amene amakanena kupolisi, ndi angati amathera kwa amfumu, ndi angati amangokhala chete. Pomaliza amatsatira mnyamata wogwidwa uja mpaka kundende ndi pobwerera kumudzi, kuti aone ngati chilango chidamusintha kapena adabwerako atadziwana ndi mbava zazikulu.

Choncho yankho kwa amalume ndi lakuti digiri imeneyi payokha simupanga munthu kukhala wapolisi. Upolisi uli ndi sukulu zake, monga za ku Limbe ndi ku Mtakataka, ndipo oyang'anira ndende amaphunzitsidwa ku Mapanga, ku Zomba. Simupanganso kukhala loya, pakuti woimira anthu pamilandu amafunika digiri ya zamalamulo. Zoyeza magazi ndi zidindo za zala zimene timaona m'mafilimu nazonso ndi gawo lina, la sayansi ya mu labotale. Criminology ili m'gulu la maphunziro a kakhalidwe ka anthu. Imatenga nzeru ku sociology, ku psychology, ku malamulo ndi ku masamu a kafukufuku, n'kuziphatikiza pofuna kuyankha mafunso atatu: umbanda umachitika chifukwa chiyani, umapweteka ndani, ndipo n'chiyani chimene chimauchepetsadi.

Maganizo amene wophunzira amayamba nawo

M'chaka choyamba wophunzira amakumana ndi anthu amene adayala maziko a maphunzirowa. Woyamba kutchulidwa kawirikawiri ndi Cesare Beccaria wa ku Italy, amene m'chaka cha 1764 adalemba kuti chimene chimaletsa munthu kulakwa si kukula kwa chilango kwenikweni, koma kudziwa kuti agwidwa ndithu ndipo aweruzidwa msanga. Mfundoyi imamveka bwino kumudzi kumene polisi ili kutali, mboni zilibe ndalama yokwerera kabaza kupita kukhoti, ndipo mlandu umangoimitsidwaimitsidwa. Timati mlandu suola, koma umboni umaola: mboni zimasamuka, zina zimamwalira, zina zimaiwala.

Cesare Lombroso, wa ku Italy komweko, adatulutsa buku mu 1876 lonena kuti anthu ena amabadwa ali zigawenga, ndipo angadziwike poyeza mutu, nsagwada ndi makutu. Dokotala wa kundende wa ku England, Charles Goring, adayeza akaidi ambirimbiri n'kuwayerekeza ndi anthu wamba, ndipo mu 1913 adaonetsa kuti maonekedwe a chigawenga amene Lombroso ankanena kulibe. Nkhaniyi imaphunzitsidwabe chifukwa maganizo a Lombroso akadalipo pakati pathu. Amamveka pamene wina akuti "maso ake aja ndi a mbava", kapena "mtundu umene uja ndi wa akuba", ndipo mawu oterewa ndi amene amasonkhezera khamu kumenya munthu wosalakwa.

Mu 1938, Robert Merton wa ku America adafotokoza kuti umbanda umakula pamene anthu onse akulimbikitsidwa kufuna zabwino zofanana koma njira zovomerezeka zozipezera zatsegukira ochepa. Mnyamata wa ku Machinga amaona anzake akubwera kuchokera ku Joni ndi njinga yamoto, foni yapamwamba ndi malata, pamene iye walima dimba chaka chonse osagula ngakhale matiresi. Koma umphawi sungafotokoze zonse, chifukwa osauka ambiri sadabepo chinthu cha mwini. Edwin Sutherland adaonetsa mbali inayo mu 1939 pamene adaloza umbanda wa anthu olemekezeka, ochitira m'maofesi. Amalawi adauona ndi maso mu 2013 pa nkhani ya Cashgate, ndipo pambuyo pake owerengera ndalama a Baker Tilly adapeza kuti ndalama za boma zoposa K13 biliyoni zidasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Wobera boma sathyola chitseko cha munthu, koma zotsatira zake zimafika pachipatala cha kumudzi ngati shelefu yopanda mankhwala.

Ganizo lina lothandiza kwambiri kumudzi ndi la Lawrence Cohen ndi Marcus Felson, la mu 1979. Iwo adati umbava umachitika zinthu zitatu zikakumana: munthu wofuna kuba, chinthu chomukopa, ndi kusowa kwa wochiyang'anira. Taganizirani chimanga chachiwisi mu Febuluwale ndi Malichi, nkhokwe zili mbee, munda uli kutali ndi nyumba, ndipo mudzi wonse uli pamaliro. Kusintha mtima wa wakuba n'kovuta, koma ziwiri zinazo zili m'manja mwa anthu: kulondera mosinthana, kumanga makola pafupi, ndi kuonetsetsa kuti wogulitsa mbuzi pamsika ali ndi kalata yosonyeza kumene yachokera.

Milandu imene sifika m'kaundula

Phunziro lalikulu la digiri imeneyi ndi kuwerenga bwino. Kaundula wa kupolisi amasonyeza milandu imene yanenedwa basi. Kuti adziwe yotsalayo, ofufuza amayenda khomo ndi khomo kufunsa anthu zimene zidawachitikira. Kuno kwathu kafukufuku wotere adachitika mu 2003, pamene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba idagwirizana ndi bungwe la Institute for Security Studies la ku South Africa. Lipoti lake, lotchedwa Crimes of Need, lidatuluka mu 2004, ndipo lidapeza kuti umbava wofala kwambiri m'Malawi udali kuba mbewu m'minda, kuba ziweto kudalinso pamwamba, ndipo ambiri mwa obedwa mbewu sadakanene kupolisi. Wongowerenga nyuzipepala akadaganiza kuti vuto lalikulu ndi achifwamba amfuti a m'tauni. Koma chimene chimasowetsa tulo mlimi wa kwa Chikweo, kwa Ngokwe kapena kwa Kalembo ku Balaka ndi chinangwa chozulidwa usiku ndi mpunga wometedwa usanakhwime.

Kufunsa kotere kuli ndi luso lake, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Wofufuza akafika pakhomo sayamba ndi funso lakuti "kodi mudachitiridwapo zaumbanda?", chifukwa mayi wobedwa nkhuku zitatu adzayankha kuti ayi, poganiza kuti funsolo ndi la zinthu zazikulu. Amafunsa chimodzichimodzi: kuchokera nthawi yokolola chaka chatha, kodi mbewu zidasowapo m'munda, nanga m'khola, nanga njinga? Mudauza ndani? Ngati simudanene, chidakuletsani n'chiyani? Za nkhanza za m'banja safunsa mwamuna ali pomwepo, ndipo dzina la woyankha silituluka m'lipoti. Apa mwana wa kwa Chikweo ali ndi mwayi umene mlendo alibe. Amalankhula Chiyao kapena Chilomwe pamodzi ndi Chichewa, amadziwa kuti sungalowe m'mudzi osayamba waonekera kwa amfumu, ndipo amazindikira pamene "tidakambirana pachibale" akutanthauza kuti nkhani yaikulu idakwiriridwa.

Akabwera ndi manambala, wophunzira amaphunzitsidwa kusathamangira kugamula. Milandu yogwiririra ana ikachuluka m'kaundula chaka china, mwina nkhanzazo zakuladi, kapena mwina anthu ayamba kukhulupirira ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya kupolisi ndipo akunena zimene kale ankabisa. Boma lina likakhala ndi milandu yambiri kuposa linzake, ayenera kuyamba wafunsa kuti lili ndi anthu angati. Amene amathawa masamu adziwiretu kuti m'maphunziro amenewa adzawapeza.

Zimene Machinga yaphunzitsa dziko

Kuyambira chakumapeto kwa 2014, nkhanza zochitira anthu achialubino zidakula m'Malawi, ndipo Machinga idali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhwimitsa zilango posintha malamulo a Penal Code ndi Anatomy Act. Komabe mu Malichi 2018 MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa zaka 22 wa m'boma lomweli, adasowa, ndipo thupi lake lidapezeka pa 1 Epulo. Khoti Lalikulu, pansi pa Jaji Dorothy NyaKaunda Kamanga, lidapeza anthu 12 olakwa mu Epulo 2022, ndipo mu Juni asanu mwa iwo adalamulidwa kukhala kundende moyo wawo wonse. Pakati pa opezeka olakwa padali mbale wake wa malemuyo, wansembe, wapolisi ndi wogwira ntchito zachipatala.

Wophunzira za umbanda amaona zinthu zingapo m'nkhani yomvetsa chisoni imeneyi. Choyamba, zilango zidali zitakhwimitsidwa kale pamene Masambuka ankaphedwa, ndipo chigamulo chidatenga zaka zinayi, zomwe zikutibwezera ku mfundo ya Beccaria. Chachiwiri, zoopsa sizidachokere kwa achilendo okha, koma kwa wachibale ndi kwa anthu amene mudzi umawadalira, choncho chitseko cholimba ndi chofunika koma sichikwanira. Chachitatu, chimene chimayendetsa umbanda umenewu ndi bodza lakuti mafupa a munthu angabweretse chuma, ndipo bodza lotere limathetsedwa m'kalasi, mumzikiti, m'tchalitchi ndi pabwalo la amfumu, pamodzi ndi ntchito ya mabungwe a anthu achialubino monga APAM.

Nyanja ya Chiuta ili ndi phunziro la mtundu wina. Mu 1995 asodzi a m'mbali mwa nyanjayi, ogwiritsa ntchito matchera ndi miono, adadzipangira makomiti a pamadoko n'kuchotsa makoka a nkacha amene ankakokolola nsomba ndi tiana tomwe, ndipo nthambi ya boma yoona zausodzi idawathandiza. Lamulo limene anthu adzipangira okha, ndipo akuona phindu lake, limasungidwa popanda mfuti. Koma nyanjayi ili m'malire, ndipo malamulo a mbali ino safika tsidya la Mozambique. Vuto la malire lomweli limaoneka pa njinga zamoto zobedwa, pa ziweto, ndi pa ana otengedwa kukagwira ntchito kutali, limene lamulo loletsa kuzembetsa anthu la mu 2015 likufuna kuthana nalo.

Mphamvu ya mudzi ikasowa umboni imasanduka yoopsa. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017, mphekesera za anamapopa zidabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe mpaka kufika ku Blantyre, ndipo anthu osachepera 8 adaphedwa ndi makamu popanda ndi mmodzi yemwe wopopedwa magazi kupezeka. Stanley Cohen adalemba mu 1972 za mmene mantha a gulu amayambira, mmene amakulira akamabwerezedwa, ndi mmene amasankhira womuloza chala. Kwathu kuno wolozedwayo amakhala mlendo, wodwala misala, kapena agogo okhala okha amene akunamiziridwa ufiti, ngakhale kuti lamulo la mu 1911 limati kuloza munthu ufiti ndi mlandu.

Kodi chilango chimakonza munthu?

Gawo lina la digiriyi limaunika apolisi, makhoti ndi ndende. Wophunzira amawerenga gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko, lonena kuti womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, kenako n'kufufuza ngati zimachitikadi. Amawerenga mlandu wa Gable Masangano wa mu 2009, pamene khoti lidapeza kuti kuthithikana m'ndende ndi chakudya chosakwanira zikuphwanya ufulu wa akaidi, n'kupatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Funso lake limakhala lakuti: wakuba thumba limodzi la chimanga akaikidwa m'chipinda chimodzi ndi achifwamba, mudzi umapindulanji iye akatuluka?

Mlandu wa Mayeso Gwanda umaonetsa kuti nthawi zina vuto limakhala lamulo lenilenilo. Gwanda adali wogulitsa majumbo, ndipo mu Malichi 2015 adamangidwa m'bandakucha akupita ku Limbe kukachita malonda ake. Adamuimba mlandu wa vakabu, wochokera m'malamulo a nthawi ya atsamunda. Pa 10 Januwale 2017 Khoti Lalikulu lidagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code likutsutsana ndi Malamulo Oyendetsera Dziko. Lamulo limene limagwira woyenda pansi usiku n'kusiya woyenda pagalimoto limadzaza zitokosi ndi osauka popanda kuchepetsa umbava.

Palinso njira zina zimene dziko lathu likuyesa. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la mu 2010 limalola kuti mwana wolakwa pang'ono asapite kukhoti koma awongoleredwe kumudzi, ndipo ofunika kusungidwa amapita kumalo ngati Mpemba ndi Chilwa. Olakwa milandu ing'onoing'ono angalamulidwe kugwira ntchito yothandiza dera m'malo mopita kundende. Bungwe la PASI, limene ntchito yake idayamba mu 2000, limatumiza alangizi a zamalamulo m'ndende ndi m'mapolisi, ndiponso limaphunzitsa ankhalapakati a m'midzi. Njira zonsezi zimafuna wina woziyeza modekha, kuti tidziwe imene ikuchepetsa kubwereza milandu ndi imene ikungomveka bwino pamsonkhano. Pafunikanso wonena poyera malire a bwalo la amfumu: mkangano wa malire a munda kapena mbuzi yodya mbewu ungathe ndi chipepeso, koma kugwiririra mwana kapena kumukwatitsa asanakwane zaka 18 si nkhani yothera pachibale.

Kokaphunzira, ndi ntchito yake

M'Malawi muno khomo lodziwika lolowera m'nkhani zimenezi ndi maphunziro oyandikana nazo. Ku University of Malawi ku Zomba kuli sociology, psychology ndi zamalamulo, komanso digiri ya Law Enforcement Management and Leadership. Ku Mzuzu University kuli digiri ya Security Studies. Wofuna digiri ya criminology yeniyeni angayang'anenso ku South Africa, kumene University of South Africa imaphunzitsa munthu ali kwawo, ngakhale kuti fizi yake imalipiridwa m'marandi ndipo pamafunika intaneti yodalirika. Digiri yoyamba kuno imatenga zaka zinayi, ndipo polowa pamafunika makirediti 6 a MSCE, kuphatikizapo Chingerezi. Osowa fizi angapemphe ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ophunzira a m'sukulu zaukachenjede.

Safunsa adadya phula. Banja lisanalipire ndi tambala yomwe kusukulu iliyonse, makamaka yoima payokha, lifufuze ngati sukuluyo ndi maphunzirowo zidavomerezedwa ndi National Council for Higher Education. Wophunzira aone mndandanda wa maphunziro: kodi muli njira zochitira kafukufuku ndi masamu ake? Kodi muli malamulo a milandu a Malawi? Kodi pali nthawi yokaphunzira ntchito kupolisi, kukhoti, kundende kapena kuofesi yoona za chisamaliro cha anthu? Funso lomaliza n'lofunika kwambiri chifukwa mabuku ambiri a criminology adalembedwa poyang'ana misewu ya Chicago ndi London. Sanena za bwalo la amfumu, za miyezi ya njala kapena za malire opanda mpanda. Wophunzira wathu ayenera kuyesa ganizo lililonse pa zimene akuzidziwa, n'kulemba zimene mabukuwo adasiya.

Kwa amayi aja, yankho loona ndi lakuti malonda a ntchito otchula criminology mwachindunji ndi ochepa, ndipo womaliza maphunzirowa amapikisana ndi a sociology, a zamalamulo ndi a chisamaliro cha anthu. Komabe malo ofuna nzeruzi alipo: kupolisi ndi kundende kwa amene wadutsanso m'sukulu zawo, ku Anti-Corruption Bureau, ku Financial Intelligence Authority, ku Malawi Human Rights Commission, ku Independent Complaints Commission yolandira madandaulo okhudza apolisi, ku Centre for Social Research ku Zomba, ndi m'mabungwe monga YONECO ndi CHREAA. Mabanki ndi makampani a mafoni akulimbana ndi akathyali otumiza mauthenga abodza a ndalama. Ku Liwonde National Park, imene African Parks idayamba kuyendetsa mu 2015, nkhondo yolimbana ndi misampha ndi malonda a minyanga imafuna anthu omvetsa chifukwa chimene woyandikana ndi paki amalowera m'nkhalango. Chimene chimamugulitsa munthu m'malo onsewa ndi luso looneka: kulemba lipoti lomveka, kusanthula manambala pa kompyuta, ndi kufunsa anthu mwaulemu. Pafunikanso mtima wolimba, pakuti ntchitoyi imakumanitsa munthu ndi ana ochitiridwa nkhanza, mabanja oferedwa ndi akaidi oiwalika pa rimandi.

Ine ndikuona kuti maphunzirowa ndi oyenera mwana amene akamva kuti wakuba wagwidwa sathamangira kukatola mwala, koma amafuna kudziwa chimene chachitika ndi chimene chingaletse kuti chisachitikenso. Wofuna yunifomu ndi malipiro achangu ali ndi njira zina zachidule, ndipo palibe cholakwika kuzitsata. Koma Machinga ndi Balaka zikusowa anthu akeake otha kuuza khonsolo, apolisi ndi mafumu, ndi umboni m'manja, kuti umbava wa mbewu umakula mwezi uti, kuti ndi atsikana angati asiya sukulu chifukwa cha maukwati, ndipo ndi njira iti yayesedwa n'kuthandiza. Mfundo za chitetezo zikapangidwa popanda umboni wotere zimatsatira mphekesera ndi mkwiyo, ndipo amene amavutika nazo ndi osauka omwewo amene zimati ziwateteze. Banja limene lili ndi mwana wamtima wotere limulole apite, litafufuza bwino sukulu yake, ndipo mwanayo akafika chaka chomaliza adzasankhe mutu wa kafukufuku wake kuchokera kwawo.